Maso a Kalisto

Analonjezana adakali anyamata, m'kachipinda ka pamishoni momwe munali kompyuta yoyamba imene anaionapo. Clement ankalemba mapulogalamu, Kalisto ankawerenga. Pangano linali lakuti Clement sadzatulutsa pulogalamu iliyonse Kalisto asanaiwerenge mzere ndi mzere, ndipo Kalisto sadzanena kuti "zili bwino" pa chinthu chimene sanachione ndi maso ake. Kenako Kalisto anapita ku Joni, n'kukhalako mpaka imvi. Panganolo linapitirira pa imelo.

Tsopano Kalisto anali atabwerera kwawo ku Katete. Kampani yake ya ku Joni inachotsa anthu ambiri itayamba kugwiritsa ntchito AI, makina aja amene umangowauza chimene ukufuna, iwo n'kukulembera pulogalamu yonse. Katete amene anamupeza sanamukonde. Pamene panali mtengo wa mango wodikirira basi panali tinyumba totumizirapo ndalama pafoni. Mabuku ake, makatoni atatu, anali kudyedwa ndi chiswe kwa mlongo wake. Ankafuna ntchito, ndipo munthu mmodzi yekha amene akanamupatsa anali Clement. Koma Clement akanafuniranji wowerenga masiku ano?

Ofesi ya Clement inali kuseri kwa shopu ya simenti, pafupi ndi msewu waukulu, pomwe makondakitala amakuwa "Chipata! Chipata!" tsiku lonse. Kalisto anapeza mnzakeyo atatsamira pampando, chimanga chootcha m'manja, akulankhula ndi laputopu ngati akutuma mwana kumsika. Mizere ya pulogalamu inkatsika yokha pagalasi.

"Ndiye kulemba kwa masiku ano kumeneku?" anafunsa Kalisto. "Ife tinkalemba ndi manja awiri. Chimanga chinkadikira."

"Chinkazizira," anatero Clement. "Khala pansi, mudala. Wafika ngati wabwera kudzatseka ofesi."

Kalisto sanakhale. Anayamba ulaliki wake. Anakumbutsa Clement za sabata imene anasakasaka kadontho kamodzi kosowa mu pulogalamu, mpaka anakapeza ali ndi njala ndi maso ofiira. Munthu ankadziwa pulogalamu yake ngati munda wa kwawo, pomwe pali chulu ndi pomwe pamaima madzi. Lero anthu akukolola m'minda imene sanapondemo. Anatchula ndi mayina a azungu awiri amene analemba mabuku pankhaniyi.

"Ndinadziwiratu ndili ku Joni," anapitiriza. "Zomwe unkanditumizira zinasintha. Zinayera kwambiri. Iwe sunalembepo chinthu choyera chibadwire."

Clement anaseka mpaka kutsamwa. "Sindikana. Makina ndiwo alemba, ine ndiwongolera chabe. Ntchito ya mwezi ndiitsiriza Lachitatu. Koma nawenso unasintha. Kale unkandiyankha mawu awiri: 'Zopusa izi.' Manje uyamba ndi 'Ntchito yabwino kwambiri,' mfundo zili pamzere ngati ana a sukulu. Joni inakuphunzitsa ulemu."

Kalisto anayang'ana pawindo.

Clement anatembenuzira laputopu kwa iye. Inali pulogalamu ya bungwe la alimi a mtedza a ku Sinda ndi ku Vubwi. Inkatumiza uthenga pafoni kuuza mudzi uliwonse tsiku limene lole ifike. Ikalakwitsa, anthu amakhala pamsewu ndi matumba awo, padzuwa, kudikira lole imene ili kumudzi wina.

"Apampando a bungwe ndi mayi wovuta, a Doreen," anatero Clement. "Anandifunsa maso ndi maso kuti, 'A Clement, tamva kuti makina ndiwo akulemberani. Akalakwitsa tidzagwira ndani? Makina alibe kolala ya shati.' Ndinawauza kuti amayi, makina alembe zawo, koma ine ndili ndi munthu. Palibe chimene chinatulukapo muno iye asanachiwerenge. Ndiye anati munthu ameneyo akhale pafupi, tizimuona."

Analoza pakona. Panali tebulo latsopano, vanishi akununkhabe.

"Ndi lako. Kulemba aliyense alemba manje, ngakhale kondakitala uyo akuwa panjapo. Chasowa ndi maso. Ine ndimagona tulo chifukwa cha maso ako, Kalisto."

Kalisto anasisita tebulolo ndi chikhatho. Ulaliki wonse unali utamuthera. Anakhala pansi mwaulemu, ngati mlendo wopatsidwa mpando wapatsogolo kutchalitchi, n'kutulutsa laputopu yake m'chikwama.

"Iyenera kupita kwa alimi lero," anatero Clement. "Ndakutumizira. Ndikagule zoziziritsa kukhosi, tikondwerere kubwera kwa bwana woyendera ntchito."

"Pasiwedi ya intaneti muno n'chiyani?"

Clement anamutchulira ali pakhomo, n'kutuluka akuimba mluzu.

Atabwerako ndi mabotolo awiri, anapeza Kalisto atavala magalasi, nkhope ili gwa, chala chili pachibwano. Anayenda monyang'ama kuti asamusokoneze. Patapita nthawi, Kalisto anavula magalasiwo n'kupukuta m'maso.

"Zili bwino," anatero.

Clement anadina batani, pulogalamu n'kupita kwa alimi. Anagundanitsa mabotolo.

Pagalasi la Kalisto, kuseri kwa tsamba limene linkaonekera, makina anali adakadikira funso lina. Kalisto anali atawapatsa pulogalamu yonse ya Clement n'kuwauza kuti aone ngati muli cholakwika, monga ankachitira kuyambira chaka chimene makinawo anafika ku Joni. Chiyambire nthawiyo anali asanawerengepo mzere wa Clement ndi umodzi womwe.