Bonasi ya Morag

Sibongile anakankhira njinga ya olumala ya a Hamilton pafupi ndi TV, nawafunditsa bulangete m'miyendo. Mpikisano wa mahatchi unali pafupi kuyamba.

Nkhalambayi inali ndi pakamwa poipa. Sibongile asanabwere, anthu anayi osamalira odwala anali atathawa kale m'chinyumba chawo cha ku Pollokshields, kudziko la azungu. Wina anangotha sabata. Iye anapirira zaka ziwiri, kuwasambitsa, kuwapukuta, kuwadyetsa phala lomwe masiku ena ankamulavulira pamkono. Chipatala chitamuitana ntchito ya malipiro abwino, anakana. Azimayi a kumpingo anati walodzedwa.

Sanalodzedwe. Anali ndi pepala.

Kale a Hamilton ankaweta mahatchi othamanga. Yomaliza inali yaikazi, dzina lake Morag, ndipo anaigulitsa ikadali yaing'ono. Ndalama za mpikisano zinali za eni ake atsopano. Koma hatchi yobadwira m'dziko momwemo ikapambana pankabwera bonasi yapadera, ndipo woweta ankadyapo gawo lake. Gawo limenelo ndi lomwe a Hamilton anamulonjeza Sibongile tsiku limene iye ananyamula chikwama kuti azipita.

Sibongile sanali mwana woti n'kumunamiza ndi mawu apakamwa. Anati alembe. Loya anabwera, onse anasaina: gawo lonse la a Hamilton pa bonasi ya mahatchi obadwira kuno. Zinali zokwanira viza ndi tikiti ya Tione, mwana wake amene anamusiya ku Ntcheu asanayambe sukulu. Pano mtsikanayo anali atakula msinkhu, akumudziwa mayi ake pafoni basi.

Pashelefu panali chithunzi cha Morag cha tsiku lomwe anabadwa, timiyendo tili tang'atang'a pambali pa make. Kumbuyo kunkaoneka geti la famu ndi bokosi loponyamo makalata lobiriwira. Sibongile ankachipukuta m'mawa uliwonse ngati cha m'bale wake.

Mahatchi ananyamuka. Morag anatsalira, wachisanu. Pokhota anadutsa awiri. Sibongile anaimirira, chala chili pakamwa. Anadutsa wina. Pa mzere womaliza anapambana ndi mphuno yokha.

Sibongile anagwada pakapeti pomwepo. Kenako anaimba foni kumudzi.

"Tione, longedza mwanawe. Uwauze agogo ako kuti Khirisimasi ino udyera kuno."

Kumudzi kunamveka nthungululu. A Hamilton anamvetsera mpaka foni inatha. Ankamwetulira, chinthu chomwe Sibongile anali asanachionepo pankhope imeneyo. Mumtima anati kani nkhalambayi ili ndi umunthu.

"Tandipatsa chithunzicho," anatero a Hamilton.

Anawapatsa.

"Umachipukuta bwino, sindingakunamizire. Bokosi ili ndi la mtundu wanji?"

"Lobiriwira, bambo."

"Nanga lapakona apo, lomwe umaponyamo makalata anga?"

"Lofiira."

"Onse a m'dziko muno ndi ofiira. Obiriwira ndi a ku Ireland. Zaka zonsezi uli kuno, maso ako amaona chiyani?" Anagogoda galasi ndi chikhadabo. "Make ndinamutumiza ku Ireland ali ndi bere, anakaberekera komweko. Morag ndi wobwera ngati iwe, bonasi sakhudzako."

Anamubwezera chithunzi, nakoka bulangete.

"Pepalalo usunge, ndi loona. Gawo langa lonse ndi lako. Tsopano katenthetse madzi, ndadziipitsira."