Kope Linatsala M'dirowa

Panali munthu wina, mayi wosoka zovala, amene anasiyana ndi mwamuna wake. Mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri anapita kwa bambo ake patchuthi ndipo sanabwererenso. Mayiyo analibe loya, choncho anapita yekha kukhoti loona za mabanja kukapempha kuti mwanayo azikhala ndi iye.

Pawindo lolandirira madandaulo, kalaliki anamuuza kuti ndondomeko inasintha posachedwa. Tsopano wodandaula ayenera kupeza munthu wamkulu wokapereka kope la fomu ya dandaulo kwa kholo linalo. Wokaperekayo asayine chikalata chotsimikiza, ndipo chikalatacho chibwerere kukhoti pasanathe masabata awiri. Kalalikiyo ankalankhula mothamanga, mzere unali wautali, mayiyo anangogwedeza mutu.

Kunyumba anafotokozera mkulu wake, amene anawinapo mlandu wotere zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

"Iwe, khoti lili ndi mesenjala wake," anatero mkuluyo. "Ine ndinangosiya mapepala n'kukhala pansi. Akalaliki akowo ndi ulesi chabe, akufuna uwagwirire ntchito."

Mayiyo mtima unakhala pansi, pakuti naye sankafuna kutuma munthu pakhomo pa apongozi ake akale, pomwe bambo wa mwanayo ankakhala. Kope lija analiika m'dirowa ya makina osokera.

Tsiku la mlandu, bamboyo sanabwere. Woweruza anafunsa chikalata chotsimikiza chija.

"Bwana, ndimayesa khoti likapereka lokha."

"Amayi, munthu amene sanaitanidwe sindingamuweruze. Mukanakhala inuyo, mukanakondwa?"

Mlandu unaimitsidwa kwa miyezi inayi. Pofika tsiku latsopanolo, bamboyo anali atasamutsidwa kuntchito kupita kutali, mwana atayamba sukulu komweko. Bamboyo anafotokoza mwaulemu kuti sanathawe mlandu, kungoti poyamba paja palibe kalata imene analandira. Woweruza anati si bwino kumuzula mwana pakati pa chaka. Akhale kaye kwa bambo ake, mayi azimuona patchuthi, nkhaniyo adzaiunikanso chaka chikatha.

Atatuluka m'khoti, mkulu wake wa mayiyo anati, "Koma nthawi yanga sizinali choncho."

Phunziro: Mkuluyo sananame, ndipo kalaliki akanatha kufotokoza modekha. Koma njira imene inathandiza m'bale wako kale itha kukhala yotsekedwa lero. Ngati ukudziyimira wekha kukhoti, usachoke pawindo usanamvetse. Funsa kawiri, lemba masiku amene wapatsidwa, ndipo usachite manyazi ndi mzere. Tumizani nkhaniyi kwa kholo lililonse limene likukonzekera kukasuma lokha.