Mfuti Yochunira Kuphonya

Chipolopolo choyamba cha Khalfan chinadutsa pamwamba pa dzira n'kukadzutsa fumbi pathanthwe. Amuna a m'mudzimo, amene anali atandanda m'khwawa louma ndi mikanjo yawo yoyera ya pa Idi, anapukusa mitu. Khalfan nayenso anapukusa wake, koma mumtima ankavina.

Ankafuna kuphonya. Madzulo a tsiku lomwelo amalume ake ankayenera kukamufunsira mbeta Zuwaina, mwana wa a Humaid. Tsono a Humaid, katswiri wakalekale wa mpikisano wolasa dzirawu, anali munthu wabwino pa zonse kupatula chimodzi: wowapambana pa dzira ankatha chaka chonse osayankhidwa moni.

Kuphonyera dala nako kunali ndi zake. Akuluakulu a kwathu kuno amaima kumbuyo kwako, maso ali kukamwa kwa mfuti. Ukangoipotoza pang'ono aona basi, ndipo chimenecho n'chipongwe choposa kuwapambana. Komanso Khalfan ankadzidziwa yekha. Akangoona dzira, chala chake chinkaiwala zoti pali nkhani ya ukwati.

Choncho ntchito yonama anaisiyira mfuti. Dzira amaliika pa mamita makumi asanu, ndipo aliyense wa mutu wabwino amachunira sakitoni yake, kamfuti ka tizipolopolo ting'onoting'ono kaja, pamtunda womwewo. Khalfan anazembera kukhwawa kuno yekha Idi isanafike, n'kukweza kachitsulo kochalira mpaka mfutiyo inayamba kulasa bwino pa mamita zana. Kuti kachipolopolo kotere kakafike kutali choncho kamayamba kakwera kaye, ndiye pakati pa njira kamadutsa zala zinayi pamwamba pa chomwe wachalira. Munthu woti masamu ankamuliza kusukulu, tsiku limenelo anabwerera kunyumba akudzitcha pulofesa.

Chachiwiri chinapitanso pamwamba. Chachitatu chimodzimodzi.

"Aise Khalfan, dzirali waikira ndiwe kodi?" anafunsa msuweni wake Saif. "Ukulimvera chisoni chonchi bwanji?"

"Ndi mphepo."

"Mphepo yake iti? Ndevu zangazi sizikugwedezeka n'komwe."

Anthu anafa nacho chiseko. Khalfan anadzuka n'kusasa mchenga pamkanjo, nkhope ataigwetsa mwaluso. Panatsala a Humaid okha, dzira lili chikhalire. Zonse zinali zitayenda mmene anakonzera, moti anali atayamba kale kuganiza za anthu oitana ku ukwati.

A Humaid anamaliza khofi wawo, nabwera pang'onopang'ono n'kumugwira paphewa.

"Manja akunjenjemera eti, mwana wanga? Palibe kanthu. Ine tsiku lokafunsira mayi ake a Zuwaina, ngakhale ngamila ndikanaiphonya." Kenako anatembenukira ku gulu. "Tamverani nonse. Manja a mnyamata amatha kumuchititsa manyazi tsiku ngati lalero, ndiye ine sindiyang'ana manja. Ndimayang'ana mmene amasamalira mfuti yake. Malemu bambo anga ankayesa akamwini awo choncho, ndipo ine sindisintha."

Khalfan anayang'ana mfuti yake ija.

"Yanga ndaisiya dala kunyumba," anatero a Humaid, akupinda manja a mkanjo. "Bweretsa kuno yakoyo. Dzirali likasweka, amalume ako abwere madzulo ano."