Denga Lopanda Mzati

Padangokhala Nantchengwa, mmisiri wa madenga opindika ngati uta. Ankamanga udzu m'mitolo yothina, n'kuisanja mbali ziwiri mpaka ikumane pamwamba popanda mzati. Akamaliza ankavina padengapo, nyama zonse zikuona.

Tsiku lina kunabwera Njati. "Amisiri, ndimangireni lalikulu, tikwanemo banja lonse."

"Achimwene, denga langa silipitirira mapiko anga atatu m'lifupi," anayankha Nantchengwa. "Udzu si mwala. Mukakulitsa, mitolo imafinyana, pakati n'kutsika. Lalikulu limafuna mzati."

"Amenewo ndi mantha a mbalame. Mangani lanu, ndimange langa, mvula itiweruze."

Nantchengwa anamanga la mapiko atatu, Njati la mapiko khumi. Mvula yoyamba itagwa, mitolo inamwa madzi n'kulemera. Nantchengwa ali pamwamba pa lake, anaona denga la Njati likutsika, ana ali m'kati. Njati analichirikiza ndi mutu mpaka onse atatuluka.

Nantchengwa anadzikung'untha mapiko. "Mwaonatu, achimwene. Mzati munaukana uja, lero ndinu."

Mpaka pano nyanga za Njati n'zotsika ndi zopindika, ngati akadasenzabe denga lija. Apo ndi pomwe yathera.