Ulamu Uli Pamwamba pa Thanthwe

Mwendo wakumanzere wa Telala unayamba kunjenjemera ali pakati penipeni pa thanthwe. Unkagwedera ngati ukupalasa makina ake osokera, chonsecho apa panalibe nsalu. Panali mwala kumaso, chingwe m'chiuno ndi phompho kumsana.

Chinamufikitsa pamenepa n'chikondi. Mtsikana amene ankafuna kumanga naye banja analeredwa ndi mchimwene wake, katswiri wokwera matanthwe amene aliyense ankangomuti Gulo. Tsiku limene Telala anakadzionetsera, Gulo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi kudzera m'magalasi ake okhuthala ngati kunsi kwa botolo.

"Mlongo wanga sindingamupereke kwa munthu wamantha," anatero. "Ukafika nane pamwamba pa thanthwe, ndidzakutchula kuti alamu. Ukabwerera panjira, uzikasoka mabatani ako."

M'mawa wa tsiku limene anapangana, asanayambe kukwera, Gulo anachita zinthu mwachifatse mpaka kutopetsa. Chingwe chonse anachidutsitsa m'zala zake, akuchiyang'anitsitsa ngati akufuna nsabwe. Anakoka malamba a m'chiuno, n'kugogoda zitsulo zokolowekamo chingwe chimodzichimodzi. Mfundo ya Telala anaimasula n'kuimanganso. Atakhutira, anavula magalasi, n'kuwaika m'kabokosi, kabokosiko n'kuponya m'thumba la pachifuwa. Telala anagwedeza mutu movomereza. Magalasi amadula, sungamawakhulitse pamwala.

Ndiye taonani kukwera kwake! Mkuluyo ankangoyenda pathanthwe ngati pakhonde la nyumba yake, akuimba mluzu. Tsopano anali atakhala pakamwala kotulukira kunja, pamwamba pa Telala, atadzimangirira kuchitsulo, miyendo ili lendelende m'malere. Anaweramira kuphompho kuja osaphethira n'komwe, n'kukweza dzanja kubayibitsa.

"Mlongo wanga, tili bwino kuno!" anakuwa.

Amene ankamubayibitsayo chinali chitsa cha mtengo. Mlongo wakeyo anali mbali ina, atakhala paboneti ya galimoto. Telala zinamuwawa. Iye akulimbana ndi mwala, mnzake mpaka akupeza mpata wochita nthabwala ndi zitsa. Anadziona kuchepa, ndipo anachita manyazi.

Anayang'ananso pansi, chinthu chimene anauzidwa kuti asachite. Galimoto inkaoneka ngati kabokosi ka machesi. Zala zinayamba kuterera ndi thukuta, ndipo mng'alu woti agwire unali patali ndithu, poti kuufikira n'kuyamba wasiya pamene wagwirapo.

"Achimwene, nditsitseni!" anatero ndi mawu a mwana wa mbuzi. "Ukwati si nkhondo."

"Ukuona chiyani?" Gulo anafunsa.

"Imfa."

"Imfayo waipeza kuti? Yang'ana pamene dzanja lako lingafike, basi. Zakutalizo si zako. Ukaphonya ugwa pang'ono, chingwe chikugwira. Mfundo ija ndaimanga ndekha, ndipo waiona."

Telala anayang'ana mfundo ya m'chiuno mwake. Za ulusi ndiye ankazidziwa, ndipo mfundo imeneyo sikanamasuka ngakhale ataipempha mwaulemu. Anapisa dzanja m'kathumba ka choko choumitsira thukuta, n'kupuma kwambiri. Anaganiza za mtsikana uja atavala diresi imene iye anali ataidula kale mobisa. Kenako anadziponya.

Zala zinalowa mumng'alu. Phazi linapeza poponda. Kuchokera pamenepo sanayang'anenso china koma mwala wa pamphuno pake, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo onse awiri anali pamwamba.

Telala anagona chagada, akuseka ngati wapenga. Gulo sanataye nthawi. Anakhala pansi atafulatira phompho, n'kutulutsa kabokosi kaja.

"Potsika m'pamene anthu amafera," anatero akuvala magalasi. "Mfundo yotsikira sindimanga mongopapasa."

Anaweramira pachingwe, nkhope ili pafupi ndi mawondo. Koma Telala chimwemwe chinali chitamukwera m'mutu. Anaimirira, n'kusuzumira pansi monyadira, munthu amene posachedwapa ankalira ngati mbuzi.

"Achimwene, taonani! Mlongo wanu wakwera padenga la galimoto, akuvina!"

"Padenga la galimoto yanga?"

Gulo anatembenuka asanaganize. Anayang'ana pansi.

Mluzu uja unathera pomwepo. Nkhope inatuwa, chingwe chinagwa m'manja. Katswiri wa matanthwe anagwa chafufumimba, n'kukwawa, n'kukumbatira mwendo wa Telala ndi manja onse awiri, womwe uja unkapalasa makina.

"Mayo ine! N'kutali chonchi?"

"Achimwene, mwatani? Si mwakhala mukukwera pano zaka zonsezi?"

"Kukwera ndakwera, koma pansi sindinapaonepo! Ndikavula magalasi dziko limathera pa zala zangazi. Alamu, chonde alamu anga, ndivuleni magalasiwa msanga, ndipo mlongo wanga asamve."