Makombola a Pusi

Padangokhalatu Pusi, katswiri wophulitsa makombola, amene Njati anamulemba ganyu pa ukwati wa mwana wake. Inali nthawi ya chilimwe, udzu utauma gwa, ndipo m'udzumo Nkhwali ankafungatira mazira asanu.

Nkhwali anakamupeza Pusi akuzika makombola pachulu.

"Achimwene, moto wanuwu ukakwera, umatsikira kuti?"

"Sutsika, mayi. Umathera kumwamba konko."

"Chaka chatha anapiye anga anapsa ndi moto wa makombola, dziwe lathuli n'kununkha utsi sabata yathunthu. Ngati sutsikadi, yatsani limodzi muyime pansi pake. Mukapanda kusuntha, ndisamuka ndine."

Pusi anaseka, nayatsa limodzi. Linaphulika kuti phuu! Mbalame zinabalalika, kenako makala anayamba kugwa ngati matalala. Khala lina linatera pamchira wa Pusi. Anakuwa, nathamangira kudziwe, Njati, amene anali atangofika kumene, akuonerera.

"Pa ukwati wa mwana wanga tivina ng'oma basi," anatero Njati. "Nyamulani zanuzo."

Nkhwali anathamangira kuchisa. Anapeza mazira akadali ofunda, limodzi litayamba kale kung'aluka, mwanapiye akufuna kutuluka. Anawakhalira mwakachetechete, mtima wake n'kukhala pansi.