Mpikisano wa Bezi m'Galaja ya Rhonda

Lyle Pelkey anafika gitala ili kumsana, n'kupeza galimoto ya Curtis Maki itaima kale kutsogolo kwa galaja. Anafuna kubwerera, koma Curtis anali atamuona.

"Nawenso wakuitana?" anafunsa Curtis.

"Ine wandiitana kudzaimba. Iwe kaya, mwina kudzanyamula katundu."

Onse awiri anali atadutsa zaka makumi asanu. Onse awiri anaimbapo gitala ya bezi mu Ore Dock Widows, bandi ya rock imene anthu a ku Marquette amanenabe kuti ikanafika patali. Lyle ndiye anayamba nayo. Lyle atachotsedwa, Curtis analowa m'malo mwake. Amene anawaitana Loweruka limenelo anali Rhonda Kivela, yemwe ankatsogolera nyimbo m'bandiyo. Pafoni anangouza aliyense kuti, "Bwera ndi bezi yako. Ndikufuna ndikumve."

M'tauni munali mphekesera yoti okonza chikondwerero cha m'chilimwe akusowa bandi. Choncho panalibe chofunsanso. Lyle anakameta. Curtis anafukula jekete yake yachikopa, imene tsopano inkakana kutsekeka pamimba.

Mkangano woti katswiri ndani pa awiriwa unali wakalekale, ndipo m'mabala ena omwera mowa unkagawanitsa anthu apachibale. A mbali ya Lyle ankati munthuyo akagwira bezi sagwedezeka. A mbali ya Curtis ankavomera kuti sagwedezekadi, chifukwa amadziwa manoti atatu okha, ndipo lachitatulo amalipeza mwangozi. Curtis anali ndi zala zothamanga. Vuto lake linali lakuti ankamaliza nyimbo anzake akadali pakati.

Mu 1996 kunabwera bwana wa kampani yojambula nyimbo kuchokera ku Chicago kudzawaonera. Curtis, pofuna kudzionetsa, anapukusa mutu mwamphamvu mpaka tsitsi lake lalitali linakodwa kumutu kwa gitala. Anaimba nyimbo zitatu khosi litapendekeka, mpaka woimba ng'oma anamumasula ndi sizasi. Bwanayo anaseka, anadya nsomba yake yokazinga, n'kubwerera kwawo. Bandi inatha chaka chomwecho.

"Ndikanakhalapo ine, bwenzi tili pawailesi mpaka lero," anatero Lyle, akutsamira chitseko cha galaja.

"Iwe? Munthu amene unagona choimirira papulatifomu, paukwati wa eni ake?"

"Sindinagone. Ndinkamvetsera."

"Unkaliza mkonono, ase. Anthu anaganiza kuti ndi nyimbo yatsopano."

Rhonda anatulukira atavala majombo a kudimba. Sanataye nthawi ndi malonje. Anawauza kuti sipika yaikulu ija ya bandi, imene inali pakona itafundidwa chinsalu, aigoneke chafufumimba pasimenti. Amuna awiriwo anayang'anana. Palibe amene ankafuna kuoneka wotsalira.

"Masiku ano amaterodi," anatero Curtis.

"Ine ndinayamba kale zimenezi," anatero Lyle.

Rhonda anati akamvetsera ali panja, kuseri, ndipo anatseka chitseko.

Curtis ndiye anayamba. Kunena zoona, munthuyo anaimba. Zaka zinali zitamuphunzitsa kudikira, ndipo bezi inkayenda mofatsa, ikutsika n'kukwera ngati munthu wodziwa njira. Lyle anadzipeza akugwedeza phazi, ndipo atazindikira analiponda ndi linzake. Curtis anaimba nyimbo zonse za pa kaseti yokhayo imene bandiyo inatulutsa, n'kuwonjezerapo ina imene anaipeka akugwira ntchito padoko. Thukuta linali litanyowetsa jekete.

Rhonda anasuzumira. Nkhope yake sinanene kanthu.

"Zikomo, Curtis. Lyle, tayesa."

Nsambo za gitala ya Lyle zinali zomwezo za masiku a bandi, zitachita dzimbiri. Anaimirira miyendo ili tang'a, n'kuyang'ana nsapato zake monga ankachitira kale. Anakhwacha noti loyamba. Zitini za penti zinayamba kuyenda pashelefu. Anakhwacha lachiwiri. Fosholo inagwa pakhoma, galasi la pawindo likunjenjemera. Lachitatu analisaka kwa kanthawi, ndipo limene analipeza silinali lomwelo. Curtis anamva mano ake oikirira akugwedera.

Nyimbo isanafike pakati, chitseko chinatseguka. Rhonda analowa akuthamanga, misozi ili m'maso, n'kumukumbatira Lyle pamodzi ndi gitala yomwe.

"Ndiwe, Lyle. Ndiwe ndithu. Uzibwera tsiku lililonse mpaka sabata ithe. Usasinthe kalikonse, ngakhale nsambozo."

Mawu amenewa Lyle anawadikira kuchokera tsiku limene anachotsedwa. Kenako anatembenukira kwa mnzake uja n'kumusisita paphewa.

"Usadandaule, ase. Tikakafika ku Chicago tidzakutumizira chithunzi."

Curtis anapukuta gitala yake, anaiika m'chikwama, n'kutuluka. Kuti bandi inatha chifukwa cha tsitsi lake, zimenezo anazivomera kalekale. Koma kugonja kwa Lyle Pelkey, masana dzuwa likuswa mtengo, zinamulowa mpaka m'mafupa. Anaganiza zoti Lolemba akagulitse gitalayo.

Curtis akutsegula galimoto, Rhonda anamugwira mkono n'kumukokera kuseri kwa galaja. M'katimo Lyle anali atayambanso. Rhonda analoza kumsewu. Kanyimbi wamkulu anali kuwoloka mwaliwiro, ana ake asanu ali pambuyo, michira ili m'mwamba.

"Akhala pansi pa galajayi chichokereni chisanu, ndipo ndayesa mankhwala onse," anatero Rhonda. "Ukuimba iwe, anangotulutsa mitu n'kumamvetsera. Lyle wangoyamba, asamuka."